Ndalira masiku atatu chifukwa cha filimu ya chinenero chimene sindichimva: kodi mutu wanga uli bwino?

Funso: "Ndine mayi wa zaka 31. Kwathu ndi ku Dedza koma ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Mwezi watha ndinaonera pa Netflix filimu ya ku Thailand yonena za mnyamata amene anapita kukadwazika agogo ake odwala khansa n'cholinga choti adzamusiyire nyumba. Agogowo nthawi zina ankayankhula chinenero china chimene ndamva kuti ndi Teochew. Sindimva ngakhale liwu limodzi, koma ndinalira mpaka maso kutupa, ndipo kwa masiku atatu misozi inkangotuluka yokha ngakhale ndili mu takisi. Agogo anga aakazi amene anandilera anatisiya chaka chatha mu Julayi. Pamaliro sindinalire kwenikweni. Pamene ankadwala sindinapiteko, ndinkangotumiza ndalama. Anawadwazika ndi amayi anga okha, koma nyumba ya pa boma inatengedwa ndi amalume. Kodi mutu wanga uli bwino? N'chifukwa chiyani filimu ya anthu achilendo yandipweteka chonchi? Ndiwaonetse amayi? Alipo mafilimu ena otere, kapena ndiziwapewa?"

Yankho: Mayi, poyamba pepani ndi imfa ya agogo. Chaka chimodzi n'chochepa kwa munthu amene anakuberekani kumsana. Funso limene likukusowetsani tulo ndiliyankhe msanga: mutu wanu uli bwinobwino. Ndakhala ndikuphunzitsa za mafilimu ndi kuwaonetsa m'magulu a anthu kwa zaka zoposa 20, ndipo amene ndimawaona akulira kwambiri nyali zikayaka si ofewa mtima ayi. Nthawi zambiri amakhala aja anatanganidwa pamaliro, ogula bokosi, olemba ndalama za chipepeso, othamangira basi kuti akafike mwambo usanathe. Pamaliro munali ndi ntchito. Pa filimu munangokhala pansi nokha, popanda wokuyang'anani kapena wofuna kanthu kwa inu, ndipo misozi imene inasowa mpata mu Julayi inaupeza pamenepo.

Filimu mukunenayo ndi How to Make Millions Before Grandma Dies, imene anaitsogolera Pat Boonnitipat ndipo inatuluka ku Thailand pa 4 Epulo 2024. Inaliza anthu ambiri ku Indonesia, Philippines, Malaysia ndi Singapore, moti ena ankadzijambula pa foni akutuluka m'nyumba zoonetsera mafilimu maso ali psuu. Zoyankhulidwa zambiri m'filimuyi zili m'chinenero cha ku Thailand. Teochew chimangotulukira apa ndi apo, makamaka pakamwa pa okalamba, m'mayina oitanirana monga "Amah", kutanthauza agogo aakazi, ndi m'kanyimbo kogonekera mwana. Koma khutu lanu silinalakwe pogwira chimenecho, pakuti m'malo ochepa amenewo ndi mmene muli ululu weniweni wa nkhaniyi. Kuti mumvetse chimene chakukhudzani, muyenera kudziwa kaye anthu amenewa.

Kwawo kwa a Teochew ndi kum'mawa kwa chigawo cha Guangdong ku China, m'mbali mwa nyanja, dera lotchedwa Chaoshan kumene kuli mizinda ya Chaozhou, Shantou ndi Jieyang. Chinenero chawo n'chosiyana kwambiri ndi Mandarin, chinenero cha boma la China, moti munthu wa ku Beijing sangachimve. Kumeneko anthu anachuluka, minda inachepa, ndiye kwa zaka mazana amuna akhala akuwoloka nyanja kukasaka ntchito. M'zaka za m'ma 1700 ankakwera zombo za mphuno yopakidwa utoto wofiira pa doko la Zhanglin kulowera ku Siam, kumene lero ndi ku Thailand. Mfumu Taksin, imene inalamulira dzikolo kuyambira 1767 mpaka 1782, bambo ake anali mu Teochew. Doko la Shantou litatsegulidwa kwa amalonda akunja mu 1860, ulendowu unasanduka mtsinje wa anthu opita ku Bangkok, Singapore, Malaya, Cambodia ndi Vietnam. Mwamuna akamanyamuka, mkazi kapena mayi ake ankamuphikira chikondamoyo chotsekemera cha ufa wa mpunga chimene sichiwonongeka msanga, kuti akhale kamba wa panyanja. Ambiri mwa amunawo sanabwererenso.

Chimene chinkabwerera m'malo mwawo ndi kalata. Makalata amenewa amatchedwa qiaopi, ndipo kalata iliyonse inkabwera pamodzi ndi ndalama, kuchuluka kwake kutalembedwa pa envulopu pomwepo. Poyamba ankanyamulidwa ndi anthu oyenda pa zombo amene ankadziwa mudzi uliwonse ndi khomo lililonse. Kenaka panabadwa mashopu a ntchito yokhayi, ndipo mpaka lero ku Thailand kuli mawu akuti phoi kuan, ochokera ku Teochew, onena za kutumiza ndalama kunja modutsa mabanki. Amuna ambiri sankadziwa kulemba, akazi awonso sankadziwa kuwerenga, choncho kunali olemba makalata a ganyu mbali zonse ziwiri. Taganizani: mawu a mwamuna kwa mkazi wake akudutsa m'manja mwa alendo awiri. Zachikondi sizinkanenedwa poyera. Kalata inkati ndili bwino, ndatumiza zakutizakuti, mupatseko amayi mwakuti, mwana alowe sukulu, denga likonzedwe mvula isanayambe. Mkazi ankabweza kakalata kotsimikiza kuti ndalama zafika. Makalata oposa 150,000 otere anasungidwa, ndipo mu 2013 bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wake wa zolembedwa zofunika kukumbukiridwa ndi dziko lonse. Ku Shantou kuli nyumba yosungiramo makalata amenewa.

Ndakufotokozerani zonsezi chifukwa cha chiganizo chimodzi cha m'kalata yanu: "ndinkangotumiza ndalama." Mawu akuti "kungotumiza" andiuza mmene mukudziweruzira. Mafilimu a anthu a Teochew amachokera kwa anthu amene kwa mibadwo ingapo chikondi chawo chinkafika kunyumba chili mu envulopu, ndipo funso limene limawavutitsa mpaka lero ndi lomwe likukuvutitsani inu: kodi ndalama ingaime m'malo mwa munthu? Ife funsoli si lachilendo. Agogo athu anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ndi Teba, ena ku Salisbury ndi ku Wankie, ndipo tili ndi dzina la amene sanabwerere: machona. Inu muli mumzinda womwewo umene iwo anapitako, mukutumiza pa foni zimene iwo ankatumiza pa positi. Anthu a m'filimuyi ndi achilendo pa nkhope ndi pa chinenero, koma bala limene akuonetsa munali nalo kale.

Chachiwiri chimene chimapatsa mphamvu mafilimu amenewa n'chakuti anthu ake sanena zakumtima. A Teochew akakumana amafunsana ngati wina wadya. Ngakhale tiyi amati "kudya tiyi", ndipo amaphika m'kambiya kakang'ono n'kuthira m'timakapu titatu, kaya anthu achuluke bwanji, kuti pakhale kupatsana mpata. Agogo a m'filimu yanu amadzuka kusanache kukagulitsa phala la mpunga. Amanyoza mdzukulu wawo kuti ndi waulesi, amadandaula ndi kaphikidwe kake, samuyamikira. Koma khangaza la mumtengo wawo amasungira iyeyo. Anasiya kudya nyama ya ng'ombe, imene ankaikonda, chifukwa cha lumbiro limene anachita mwana wawo wamwamuna atadwala ali wamng'ono. Lamlungu amavala malaya awo abwino n'kukhala pakhomo kudikira ana amene mwina sabwera. Woonera amaziona zonsezi pang'onopang'ono, ndipo amazindikira chikondicho mochedwa, nthawi imodzi ndi mdzukulu uja. Kuchedwa kumeneko ndiko kumaliza. Filimu imene mayi amauza mwana wake kuti "ndimakukonda" mphindi khumi zilizonse siliza munthu wamkulu. Imene imaliza ndi ija imakukumbutsani agogo akukukalipirani kuti mwachedwa kumadzi, uku akukusungirani nkhoko ndi kachidutswa ka nyama pansi pa mbale.

Chachitatu ndi chinenero chomwecho, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri saona. Teochew chikutha pakati pa agogo ndi adzukulu. Ku Thailand, m'nthawi ya ulamuliro wa nduna yaikulu Phibun, boma linapondereza sukulu za Chitchaina, mabanja ambiri anatenga mayina a Chithai, ndipo adzukulu a lero amangodziwa mayina a zakudya ndi a achibale. Ku Singapore, nduna yaikulu ya nthawiyo Lee Kuan Yew anayambitsa kampeni yolimbikitsa Mandarin mu 1979, ndipo patapita zaka zochepa mapulogalamu a m'zinenero ngati Teochew ndi Hokkien anachotsedwa pa wailesi ya kanema. Agogo amene sankadziwa Mandarin kapena Chingerezi anatsala m'nyumba ndi adzukulu amene sangacheze nawo. Ngakhale kwawo ku Chaoshan, mwana akalowa sukulu amaphunzira mu Mandarin. Choncho munthu wa ku Bangkok kapena Singapore akamva Teochew m'filimu samva chinenero chabe. Amamva mawu a munthu amene anamwalira. Wopanga filimu amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amachisunga ngati mchere wa pa njala, n'kuchitulutsa pamene agogo akupemphera, pamene ululu wawakulira usiku n'kuyamba kuitana makolo awo, pamene mdzukulu akuwaimbira kanyimbo kamene kale kanali kogonekera ana.

Mungafunse kuti, nanga ine amene sindichimva chinandikhudza bwanji? Khutu la munthu limamva zambiri tanthauzo lisanafike. Teochew chili ndi mamvekedwe asanu ndi atatu a kukwera ndi kutsika kwa mawu, pamene Mandarin ili ndi anayi, ndipo chili ndi mawu ambiri otulukira m'mphuno amene amamveka ofewa. Koma chachikulu si chimenecho. Munthu akasiya chinenero cha kumsika n'kulowa m'chinenero cha amayi ake, mawu amatsika, mapewa amagwa, nkhope imasintha. Inu mumazidziwa: tsiku lonse mumayankhula Chingerezi ndi Chizulu, koma foni ya kumudzi ikalira mumasanduka munthu wina. Munaona kusintha kumeneko pa nkhope ya agogo a m'filimu, thupi lanu n'kukuzindikira maso asanatsike kukawerenga mawu omasulira a pansi aja. Ndaonetsapo zidutswa za mafilimu otere kwa ophunzira nditazimitsa dala mawu omasulira, ndipo pafupifupi nthawi zonse amaloza molondola pamene woyankhula wasintha chinenero.

Palinso manda. Filimu yanu imayambira kumanda n'kuthera kumanda. Tsiku limene inatuluka linasankhidwa pa nyengo ya Qingming, imene ku Thailand amati Cheng Meng, pamene mabanja a Chitchaina amapita kukasesa manda a makolo, kumwazapo maluwa ndi kudyera pamodzi pomwepo, kumayambiriro kwa Epulo. Agogo aja ankafuna manda aakulu, osati chifukwa cha kunyada, koma poganiza kuti mwina manda akakongola ana adzabwera kudzasonkhana. Ndipo pa ulendo womaliza mdzukulu amagogoda bokosi kuwauza malo amene akudutsa, monga mwa mwambo wawo, kuti mzimu usasochere. Munthu amene sanapeze mpata wotsanzikana ndi wake sangaone zimenezi osasweka mtima.

Tsopano za amayi anu. Apa ndikupemphani kuti mufatse. Mabanja a Teochew amatsata mzere wa kuchimuna mwamphamvu, ndipo amadziwika ngakhale pakati pa Atchaina anzawo kuti amakondera ana aamuna. Filimuyi siibisa zimenezi. Mwana wamkazi ndiye amasintha ntchito kuti azigwira usiku n'kupeza mpata wotengera mayi ake kuchipatala, koma nyumba imapita kwa mwana wamwamuna wangongole. Agogo omwewo nawonso anadwazika makolo awo, chuma chonse n'kupita kwa mchimwene wawo, amene amawakaniza thandizo atapita kukapempha ali okalamba ndi odwala. Ndimaikonda filimuyi chifukwa chosabisa chilungamo chimenechi, koma pali pamene sindigwirizana nayo. Imamusiya mwana wamkazi uja atangovomereza, ngati kuti kukondedwa mobisa ndi malipiro okwanira a zaka zotsuka zofunda za wodwala. Kwa ine si okwanira. Ndipo amayi anu, amene anachita ntchito yomweyo n'kuona nyumba ikupita, akhoza kuiona filimuyi mosiyana kwambiri ndi mmene munaionera inu. Inu munadziona mwa mdzukulu. Iwo adzadziona mwa mwana wamkazi uja.

Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Zaka zingapo zapitazo ndinaonetsa filimu ina ya nkhani ya chuma cha masiye ku gulu la akuluakulu, osadziwa kuti mwa iwo munali mayi ndi mlamu wake amene anali pa mkangano wa munda. Filimu itatha, mmodzi anaimirira n'kuyamba kunena za "anthu ena" amene amafanana ndi munthu woipa wa m'filimuyo. Winayo anatuluka akulira, ndipo sanabwerenso ku gululo. Ndinalakwa ndine, pakuti sindinafunse kaye amene akhala m'chipindamo. Kuyambira pamenepo sindionetsa filimu yotere osauza anthu zimene zili m'katimo.

Choncho musawatumizire amayi filimuyi pa foni kuti aonere okha usiku. Musaitengerenso ku msonkhano wa banja kumene kuli amalume, poganiza kuti iwachititsa manyazi. Filimu si bwalo la milandu, ndipo munthu amene waona kuti mwamutchera msampha amangouma mtima. Ngati mukufuna kuti aione, dikirani mpaka mutapita kumudzi. Auzeni nkhani yake yonse poyamba, kuti muli mayi wodwala khansa, muli mwana wamkazi wodwazika, muli nyumba yopita kwa mwamuna, ndipo muwafunse ngati akufuna. Akakana, musawaumirize. Akavomera, mukhale pambali pawo, muziwamasulira m'Chichewa, ndipo akati imitsa, imitsani. Kumbukiraninso kuti mwina chimene mukufunadi si kuti aone filimu. Mwina mukufuna kuwauza kuti munaona zimene anachita, kuti mukudziwa mmene anatopera, ndiponso kuti zikukupwetekani kuti simunalipo. Zimenezo mutha kuwauza pa foni Lamlungu likubwerali popanda filimu iliyonse. Ngati pakamwa pakulemera, yambani ndi funso: "Amayi, masiku omaliza a agogo anali otani? Sindinakufunsenipo." Kenaka mungokhala chete n'kumvetsera.

Za nyumbayo ndinene mwachidule, pakuti ndi nkhani ya malamulo osati ya mafilimu. Lamulo la ku Malawi la chuma cha masiye la 2011 silisiyanitsa mwana wamwamuna ndi wamkazi. Ngati amayi akuona kuti anaponderezedwa ndipo iwo eni akufuna kutsatira, ofesi ya DC ndi ya Legal Aid Bureau ndi poyambira. Koma chisankho chikhale chawo, ndipo chisapangidwe m'sabata imene inu mwatentha mtima ndi filimu.

Pali chiopsezo china chimene chikukhudza inu mwini. Mafilimu amakonza zinthu kuti zithe bwino. Mdzukulu wa m'filimu anapeza miyezi yokhala ndi agogo ake, anasintha mtima nthawi ikadalipo, ndipo pamapeto analandira umboni wogwirika wakuti ankakondedwa, n'kupezanso njira yobwezera. Moyo supereka zonsezi. Mukadziyerekeza ndi iye mudzadziona wolephera nthawi zonse, chifukwa iye analembedwa ndi anthu amene anakhala pansi kukonza nkhani yake, ndipo analibe bwana womukaniza tchuthi, chitupa choti chingathe ali kunja, kapena lendi ya ku Johannesburg. Ndalama zimene munkatumiza zinagula mankhwala, zinalipira galimoto yopita kuchipatala, zinapangitsa kuti amayi athe kusiya zina n'kukhala pambali pa wodwala. Kudwazika kuli ndi manja ambiri, ndipo dzanja limodzi linali lanu. Izi sizichotsa chisoni chakuti simunawagwire dzanja agogo, ndipo sindikuuzani kuti chisonicho n'chopanda pake. Koma chisoni ndi mlandu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo filimu yabwino ikhoza kuzisakaniza mumtima mwa munthu amene watopa.

N'chifukwa chake ndimalangiza kuti filimu yotere isaoneredwe mobwerezabwereza uli wekha pakati pa usiku. Ndakumanapo ndi anthu amene amabwerera ku chigawo chimodzi chomwecho tsiku ndi tsiku ngati munthu wotokosa chilonda. Kulira kumene kumathandiza mumakuzindikira ndi zotsatira zake: mumatopa, mumagona, mumadzuka mtima utapepukako, mumafuna kuyankhula ndi munthu. Kumene sikuthandiza kumakusiyani mukudzida ndi kubisala. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo vuto la kuonera pa foni kuchilendo n'lakuti palibe wolira naye. Ngati muionerenso, itanani mnzanu wakumudzi, muphike nsima, ndipo ikatha mumuuze za agogo anu, dzina lawo, mmene ankasekera, chimene ankakonda kukukalipirani.

Pali pamene ntchito ya munthu ngati ine imathera n'kuyamba ya achipatala, ndipo ndikufuna mupadziwe bwino. Masiku atatu a misozi amene akunka nachepa si matenda. Koma ngati padutsa milungu iwiri kapena kuposa mukukhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, tulo tasowa kapena tachuluka mopitirira, chakudya sichikulowa, zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, kapena ntchito yayamba kukukanikani, pitani kuchipatala mukafotokoze monga mwandifotokozera ine. Chimodzimodzi ngati mwayamba kudalira mowa kapena mapiritsi kuti mugone. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limazindikiranso chisoni chokhalitsa ngati vuto lofunika thandizo, pamene papita miyezi yoposa isanu ndi umodzi munthu akulakalakabe womwalirayo mwamphamvu moti moyo wake waima. Ndipo ngati maganizo oti bola kufa, kapena oti mutsatire agogo, akufikirani ngakhale kamodzi, musadikire milungu iwiriyo: uzani munthu lero lomwe ndipo mupite kuchipatala. Kumene muliko, kiliniki ya boma ya m'dera lanu ikhoza kukuthandizani, ndipo bungwe lothandiza anthu pa mavuto a maganizo la SADAG lili ndi manambala a foni aulere olankhulirapo ndi alangizi. Kwa amayi kumudzi, poyambira ndi chipatala cha boma cha pa Dedza, ndipo thandizo lapadera limapezeka ku St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, komanso ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Ndawatchula amayi dala. Anthu amene adwazika wodwala kwa miyezi yambiri nthawi zambiri amagwa maliro atatha, anthu onse atabalalika, ndipo palibe amene amawafunsa n'komwe.

Mwafunsa ngati alipo mafilimu ena. Alipo, ndipo simuyenera kuwapewa, kungoti musathamange. Mafilimu a chinenero cha Teochew ali ndi mbiri yaitali kuposa mmene ambiri amaganizira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 makampani a ku Hong Kong anajambula mafilimu ambiri a zisudzo zoimba za Teochew, ndipo msika wake waukulu unali anthu a ku Bangkok ndi Singapore amene anasiya kwawo. Imodzi yotchuka ndi Su Liu Niang, mmene munasewera Yao Xuanqiu, yonena za mtsikana wokana ukwati womukakamiza. Anthu ankadzaza nyumba zoonetsera pofuna kumva chinenero chawo chikuimbidwa mokweza mumzinda wa eni. Kenaka mafilimuwa anazilala kwa zaka zambiri.

Amene wawadzutsa masiku ano ndi wopanga mafilimu Lan Hongchun, mbadwa ya ku Chaoshan komweko. Mu 2018 anatulutsa Proud of Me, yonena za mnyamata wolephera sukulu amene akuvutika kuti bambo ake amuone ngati munthu. Anaijambula ndi ndalama zochepa ndi osewera osadziwika, koma kwawo anthu anapita kukaionera mabanja athunthu, ena atatenga agogo amene anali asanalowemo m'nyumba yoonetsera mafilimu kwa zaka zambiri. Mu 2022 anatulutsa Back to Love, mmene mnyamata akubweretsa kwa amayi ake chibwenzi cha kudera lina, chosayankhula Teochew, chimenenso ukwati wake woyamba unatha. Amene anasewera ngati mayi sanali katswiri wa zisudzo, anali mayi wamba wa kumeneko, ndipo zimaoneka pa mmene amagwirira mpeni ndi mmene amakonzera nsembe za makolo: manja ake anazichita moyo wonse. A Teochew ali ndi mawu akuti gaginang, kutanthauza "anthu athu", ndipo filimuyi ikufunsa kuti mawu okomawa amamupweteka bwanji amene watsekeredwa kunja.

Mwa ziwirizi ndingakulangizeni kuyamba ndi Back to Love. Muli zoseketsa zambiri, nkhani yake si ya matenda ndi maliro, ndipo Teochew mudzachimva kuyambira poyamba mpaka pomaliza, m'khitchini, pamsika ndi m'mikangano, osati pa bedi la wodwala pokha. Mafilimu awiriwa sapezeka mosavuta ngati ija ya pa Netflix, choncho fufuzani ndi mayina a Chingereziwo pamodzi ndi dzina la Lan Hongchun, ndipo muonetsetse kuti ili ndi mawu omasulira musanalipire. Koma papite kaye mwezi, ndipo foni ija ya kwa amayi itsogole.